Kontilakitala wodziyimira payekha: kusankha akauntanti ndi kumusintha osasiya ngongole ku MRA

Kaya ndinu womanga nyumba, wamagetsi, wa mapaipi, kapena mlangizi amene mabungwe amakuitanani pa ntchito ya miyezi itatu, nambala ya msonkho ija, TPIN, ili m'dzina lanu. Akauntanti akachedwetsa fomu kapena akalemba ziwerengero zolakwika, kalata ya bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority (MRA) imafika kwa inu, ndipo chindapusa chimatuluka m'thumba mwanu. N'chifukwa chake munthu woyenera kumulemba ntchito ndi amene mungathe kumufufuza musanagwirizane naye, amene amadziwa kayendedwe ka ndalama za makontilakiti, komanso amene sakubisirani mabuku anu omwe.

Yambani ndi mapepala ake. Ku Malawi ntchito ya maakauntanti imayendera lamulo la Public Accountants and Auditors Act la 2013. Pansi pa lamuloli pali Malawi Accountants Board, yomwe imayang'anira ntchito yonseyi, ndi bungwe la maakauntanti la ICAM. Mufunseni munthuyo nambala yake ya umembala ndi chiphaso chomulola kugwirira anthu ntchito payekha, cha chaka chino osati cha dzana, kenako mufunse ku ICAM ngati dzinalo lilipodi. Amene akukwiya ndi funso limeneli wakuyankhani kale. Ubwino wa membala wa bungwe ndi wakuti akakulakwirani pali komwe mungakadandaule. Wongodziwa Excel akasowa, wasowa basi.

Izi sizikutanthauza kuti bizinesi iliyonse ikufunika akauntanti wamkulu mwezi ndi mwezi. Ngati munalembetsa dzina la bizinesi lokha ndipo mumagwira makontilakiti awiri kapena atatu pa chaka, wolemba mabuku wodalirika akhoza kumalowetsa malisiti ndi mainvoisi, akauntanti wa chiphaso n'kumabwera kudzaunika ndi kukonza za msonkho. Koma ngati mukufuna makontilakiti a boma kapena ngongole yaikulu ku banki, nthawi zambiri adzafuna maakaunti ofufuzidwa ndi oditala wovomerezeka. Oditalayo asakhale yemwe uja amalemba mabukuwo, chifukwa munthu sangadzifufuze yekha.

Mapepala akakhala bwino, muyeseni ndi mafunso a ntchito yanu yeniyeni. Loyamba likhale la withholding tax, chifukwa apa ndi pamene makontilakitala ambiri amatayira ndalama mosadziwa. Wokupatsani ntchito amadula gawo la malipiro anu n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Tiyerekeze kuti mwalemba invoisi ya K10 miliyoni ndipo akudula 4 peresenti: K400,000 yatsala kumeneko. Ndalama imeneyi sinatayike, ndi msonkho womwe mwalipiriratu, ndipo iyenera kuchotsedwa pa msonkho wanu wa kumapeto kwa chaka. Koma imachotsedwa pokhapokha pali satifiketi yosonyeza kuti anadula, yokhala ndi TPIN yanu yolondola, komanso ngati wodulayo anakaperekadi. Akauntanti wodziwa ntchito adzakuuzani kuti satifiketi imafunsidwa pa malipiro aliwonse, osati podikira kutha kwa chaka pamene wa ku ofesi ya wokupatsani ntchito anasamuka kale, ndipo adzakhala ndi kaundula wofananitsa invoisi iliyonse ndi satifiketi yake. Mufunsenso ngati bizinesi yanu ingayenerere satifiketi yoletsa kudulidwa msonkhowu, ndi zimene MRA imafuna kuti iperekedwe.

Funso lachiwiri ndi la masiku. Asachite kutsegula buku kuti akuuzeni kuti PAYE (msonkho wodula pa malipiro a antchito) ndi withholding tax yomwe inuyo mwadula ena zimaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, kuti VAT (msonkho woonjezera pa mtengo wa katundu ndi ntchito) ndi pa 25, kuti provisional tax (msonkho wolipiriratu pa phindu lomwe mukuyembekezera m'chakacho) imalipidwa miyezi itatu iliyonse ndipo pamodzi iyenera kufika 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho, ndiponso kuti fomu ya pachaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha. Provisional tax imavuta kwa kontilakitala chifukwa ndalama zimabwera mwa apo ndi apo: miyezi inayi ya mvula kulibe kanthu, kenako cheke chachikulu. Wongokopera ziwerengero za chaka chatha adzakulipiritsani zochepa m'chaka chimene mwapeza ntchito yaikulu, chindapusa n'kukupezani pamapeto.

Ngati munalembetsa VAT, mufunseni chimachitika n'chiyani mukalemba invoisi koma wokupatsani ntchito n'kuchedwa kulipira miyezi isanu. Yankho loona ndi lowawa: VAT siidikira kuti ndalama ilowe. Akauntanti wabwino amakuthandizani kuganizira zimenezi musanasaine kontilakiti, ndipo amaumirira kuti simenti, zitsulo ndi malata muzigula ndi lisiti lovomerezeka la msonkho, popeza popanda lisitilo VAT yomwe mwalipira m'sitolo simungabwezeredwe. Kwa omanga palinso ndalama ija wokupatsani ntchito amasunga mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha. Iyenera kuoneka m'mabuku ngati ngongole yomwe ali nayo kwa inu, ndi tsiku loti mukaifunse. Ikapanda kulembedwa imaiwalika.

Za antchito musazidumphe. Amene mumamulipira mwezi ndi mwezi si waganyu ngakhale mumutchule choncho. Pali PAYE, penshoni yomwe lamulo limati wolemba ntchito aikepo 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti, ndi 1 peresenti ya TEVET (yothandizira maphunziro a ntchito zamanja) pa malipiro a antchito. Aganyu enieni nawo azisaina pa pepala la malipiro, ndipo zotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba zizichokera pa nambala ya bizinesi, osati ya m'nyumba.

Mukagwirizana, zilembedwe. Kalata ya mgwirizano inene ntchito zomwe azichita ndi zomwe sazichita, mtengo wake ndi nthawi yolipira, tsiku lomwe inu muzimupatsa malisiti ndi sitetimenti ya ku banki, mtengo wapadera ngati MRA yabwera kudzafufuza mabuku, ndi nthawi yochenjezana wina akafuna kusiya. Pewani amene akuti malipiro ake akhale gawo la msonkho umene "wakupulumutsirani", chifukwa phindu lake lili pa kuchepetsa ziwerengero, pomwe wosaina fomuyo ndinu. Pewaninso amene akunena za mnzake wa mkati amene angafulumizitse satifiketi ya tax clearance, yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Ndipo ndalama ya msonkho isadutse mu akaunti ya akauntanti ngakhale tsiku limodzi. Iye akonze fomu, atenge nambala yolipirira pa Msonkho Online (tsamba la MRA la pa intaneti), inu mulipire nokha ku banki n'kusunga umboni. Imelo ndi nambala ya foni zolembetsedwa ku MRA zikhale zanu, kuti uthenga uliwonse uziyamba kufika kwa inu.

Nthawi yosintha mumaidziwa: mafoni sakuyankhidwa, makope a mafomu omwe akuti anapereka sakuoneka, tax clearance yakanidwa chifukwa cha ngongole yomwe simunamvepo, kapena bizinesi yangokula kuposa mmene iye angathere. Nthawi yabwino yochoka ndi pamene fomu ya pachaka yangoperekedwa kumene, chifukwa mabuku amakhala atatsekedwa ndipo watsopano amayambira pa ziwerengero zomveka. Ngati zinthu zafika poipa musadikire chaka kuti chithe, koma musasinthe m'sabata ya pa 14 kapena pa 25. Pezani watsopano musanauze wakale, ndipo mugwirizane polemba kuti mwezi wotsiriza wa wakale ndi uti, woyamba wa watsopano ndi uti. Mpata wa mwezi umodzi, pamene aliyense akuganiza kuti mnzake wapereka, ndiwo umabala chindapusa chambiri pa kusintha.

Wakaleyo mulembereni kalata yaulemu yothetsa mgwirizano, yomulolanso kulankhula ndi watsopano za bizinesi yanu, popeza popanda chilolezo chanu sayenera kuulula kanthu. Malamulo a khalidwe la maakauntanti amalimbikitsa kuti watsopano alembere mnzakeyo kufunsa ngati pali chifukwa choti asalandire ntchitoyo. Musadabwe nazo, ndi mwambo wa ntchito yawo. Lipirani ngongole yonse yomwe muli nayo kwa iye. Mapepala ambiri amakakamira m'maofesi chifukwa cha bilu ya miyezi iwiri. Ngati simukugwirizana ndi biluyo, lipirani gawo lomwe mukuvomereza ndipo lembani chifukwa chokanira lotsalalo.

Zoti mutenge ndi zambiri kuposa bokosi la malisiti. Mufunika maakaunti osainidwa a zaka zapitazi, makope a mafomu onse a msonkho ndi umboni wa malipiro, trial balance yotsiriza (mndandanda wa zotsala pa akaunti iliyonse) ndi leja yonse (buku lalikulu la maakaunti), mndandanda wa amene muli nawo ngongole ndi amene ali nayo kwa inu, masatifiketi a withholding tax, mapepala a malipiro a antchito, ndi makalata onse a MRA. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi kaundula wa katundu monga lole, makina osakanizira konkire ndi jenereta, wosonyeza mtengo wogulira ndi gawo lomwe lachotsedwa kale pa msonkho, pamodzi ndi chiwerengero cha zoluza za zaka za m'mbuyo zomwe zingachepetse msonkho wa kutsogolo. Popanda izi watsopano amayamba kungoyerekeza. Ngati mabuku ali mu pulogalamu ya pakompyuta monga QuickBooks kapena Sage, tengani fayilo yeniyeniyo kapena ulamuliro wa akauntiyo, osati masamba osindikiza okha.

Tsiku lomwelo sinthani pasiwedi ya Msonkho Online, ya imelo ndi ya pulogalamu ya mabuku, ndipo ngati wakale analembetsedwa ngati wokuyimirirani, dziwitsani MRA polemba kuti wasintha. Ntchito yoyamba ya watsopano ikhale kutenga sitetimenti ya akaunti yanu ku MRA pa mtundu uliwonse wa msonkho ndi kuifananitsa ndi mabuku, mwezi ndi mwezi. Akapeza fomu yomwe sinaperekedwe kapena ndalama yomwe sinalembedwe, konzani ndi kukauza MRA nokha asanakupezeni pofufuza, ndipo ngati ngongoleyo ndi yaikulu pemphani kulipira pang'onopang'ono. Ngati zaoneka kuti wakale analandira ndalama ya msonkho osaipereka ndipo ndi membala wa ICAM, lembani dandaulo ku bungwelo mutaphatikizapo kalata ya mgwirizano, umboni wa ndalama zomwe munamupatsa ndi sitetimenti ya MRA ija.