Kukwera phiri la Washburn kwawo kwa zimbalangondo

Abale amene muli ku America kuno kapena mukuganiza zodzacheza ku Yellowstone, phiri loti mukwere m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo ndi Mount Washburn. Lili m'chigawo cha Wyoming mkati mwa paki ya Yellowstone ija idakhazikitsidwa mu 1872, nsonga yake ndi mamita opitirira 3,100, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje pang'ono chabe. Koma musachite mantha, galimoto imakakusiyani kumtunda kale pa Dunraven Pass, nde inu mumangokwera mamita 400 ndi kenakake basi, kupita ndi kubwera pafupifupi makilomita 10. Njira ina imayambira ku Chittenden Road. Njira zonsezi n'zotakata, sizisocheretsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si phirilo ayi, ndi eni ake. Kumeneko kuli zimbalangondo mitundu iwiri, grizzly ndi black bear, ndipo musadalire mtundu wa ubweya chifukwa black bear wina amakhala wofiirira. Muziyang'ana pamapewa, grizzly amakhala ndi linunda ngati ng'ombe yamphongo, makutu aafupi, zikhadabo zazitali.

Choyamba sankhani mwezi. July ndi August ndi bwino. September ndi October a paki amalangiza kuti musakwere phiri limeneli chifukwa ma grizzly amadzazana kumeneko kusaka njere za mitengo ya whitebark pine, akufuna anenepe asanakagone nyengo yozizira yonse. Nyama yoti ili ndi njala yotero si yoyenda nayo njira imodzi.

Musapite nokha, chonde. Mukhale atatu kapena kuposa, ndipo muziyenda mukucheza mokweza. Apa Amalawi tili ndi mwayi, macheza sitisowa, nde yambani nkhani ya mpira olo kwaya, bola mawu azimveka. Chimbalangondo nthawi zambiri sichifuna za munthu, chikakumvani patali chimapatuka chokha inu osadziwa n'komwe kuti chinalipo. Ngozi imabwera mukachidzidzimutsa pakona, makamaka chachikazi chili ndi ana kapena chili pa nyama yomwe chikudya. Nde pofika pokhota, pamitengo yothithikana kapena mphepo ikamawomba kumaso kwanu, ombani m'manja, fuulani. Ma headphone vulani, tsiku limenelo nyimbo zipume.

Kenako bear spray. Ndi kachitini ka utsi wa tsabola wamphamvu, mugule kapena mubwereke konko chifukwa m'ndege saloleza. Ichi ndicho ndimachiona anthu akulakwitsa kwambiri, munthu wagula bwinobwino koma waika pansi pa chikwama, pamwamba pake jekete, botolo la madzi ndi masangweji. Chimbalangondo chimathamanga kuposa makilomita 50 pa ola, mutsegula zipi nthawi yanji? Kachitiniko kakhale palamba kapena pachifuwa pomwe dzanja lifika osayang'ana, ndipo musananyamuke pa galimoto yeserani kukasolola n'kuchotsa kapulasitiki kotchinga kaja kangapo mpaka chala chizolowere. Si mankhwala a udzudzu, osadzipopera pathupi kapena pa chikwama.

Mukachiona patali, lamulo la paki ndi mamita 91 kwa zimbalangondo ndi mimbulu, mamita 23 kwa nyama zina ngati nkhosa zamapiri zija za nyanga zopiringizika zomwe zimakonda kugona m'mbali mwa njira chakumtunda. Chithunzi jambulani muli pomwepo. Ngati chili panjira panu, bwererani, phiri silisamuka.

Mukakumana nacho pafupi, osathamanga. Ndikubwerezanso, osathamanga, miyendo idzafuna yokha koma ikanizeni chifukwa mukathawa chimakuthamangitsani. Imani pamodzi, sololani spray, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Chikayamba kukuthamangirani imani nji, chikafika ngati mamita 18 popani cholozetsa pansi pang'ono kutsogolo kwake kuti chilowe mu utsiwo. Nthawi zambiri chimangoopseza n'kukhota. Koma grizzly woti mwamudzidzimutsa akakugwirani, gonani chafufumimba, chikwama chikhale kumsana komweko, manja agwire kukhosi kumbuyo, mukhale chete ngati mwafa mpaka atapita ndithu, osafulumira kudzuka. Zimasiyana ngati chimbalangondo chakhala chikukulondolani mwakachetechete ngati nyama yoti chidye, chimenecho ndiye mulimbane nacho ndi chilichonse chili m'manja.

Zonyamula sizambiri. Madzi okwanira chifukwa m'njira mulibe potunga, jekete yoletsa mphepo olo kunja kutawala bwanji, chipewa, nsapato zogwira bwino poti chipale chofewa chimatsalira m'malo ena mpaka July. Kamba wanu mudye n'kubweza zonse m'chikwama, khoko la nthochi lomwe. Chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu chimayamba kulondola anthu ndipo mapeto ake amachipha, izi zimandipweteka mtima chifukwa wolakwa amakhala atapita kale kwawo. Galu musatenge, m'njira za paki saloledwa.

Nyamukani m'mamawa, 7 koloko mukhale mwayamba. Malo oimika galimoto pa Dunraven amadzaza msanga, komanso masana kumakonda kubwera mvula ya ziphaliwali ndipo kumtunda kuja mitengo kulibe, wamtali mumakhala inuyo. Mpweya ndi wochepa nde muziyenda mwachifatse, mutu ukayamba kuwawa pumani.

Pansonga pali nyumba ya oyang'anira moto wa m'nkhalango, pansi pake pali chipinda cha mawindo choti muthawiremo mphepo. Muli momwemo mumaona chigwa cha Grand Canyon of the Yellowstone chitang'ambika m'munsimu, nyanja ya Yellowstone uko, ndipo kukayera bwino mapiri a Teton amaonekera kum'mwera. Mukangoona mitambo ikuda yambani kutsika, spray akadali pachifuwa, macheza akadali mokweza mpaka pa galimoto.