Malamulo a ku America olembetsa ndi kusintha rifle ya mpope waufupi

Malangizo awa acokera mu lamulo la boma lalikulu la United States lija amati National Firearms Act, limene linakhazikitsidwa mu 1934, ndiponso m'mafomu a ATF, ofesi ya bomalo yoyang'anira za mfuti, imene imasunga kaundula wa mfuti zotere ku Martinsburg, West Virginia. Alembedwera munthu wokhala m'dzikolo amene afuna kukhala ndi rifle ya mpope waufupi, imene m'mapepala ndi m'masitolo amangoti SBR. M'Zambia sagwira nchito: kwathu mfuti zili pansi pa Firearms Act, Chapter 110, ndipo pepala la ATF silingalowe m'malo mwa laisensi ya kuno.

Tiyambe ndi cilango. Kupanga, kulandira kapena kusunga SBR yosalembetsa ndi mlandu waukulu: zaka zofika 10 m'ndende, faindi yofika $250,000, ndi kulandidwa mfutiyo. Palibenso fomu yolembetsera mfuti imene mwapanga kale popanda cilolezo. Cilolezo ndico cimayamba, nchito ya manja imatsatira. Wosinthanitsa ziwirizi, ngakhale ndi tsiku limodzi cabe, wapalamula.

Malinga ndi ndime 5845 ya Title 26 ya malamulo a boma lalikulu, SBR ndi rifle ya mpope wosakwana mainchesi 16. Kapena cida copangidwa kucokera ku rifle, ngati cidaco, monga casinthidwira, utali wake wonse sukwana mainchesi 26 kapena mpope wake sukwana mainchesi 16. Rifle ndi mfuti yopangidwa, kapena yopangidwanso, kuti iziwomberedwa thako lake litatsamira paphewa, ya mpope wokhala ndi mizere yopotoka m'kati, yotulutsa cipolopolo cimodzi pa kukoka kumodzi. Malire a shotgun ndi ena, mainchesi 18. Musawasakanize.

Yezani m'mainchesi. Mainchesi 16 ndi masentimita 40.64, ndipo wozolowera tepi ya masentimita akati 40 akwana, mpope wake uli pa mainchesi 15.75 cabe ndipo wagwa kale m'gulu la SBR. Kayezedwe ka ATF ndi aka. Cotsani magazini, onani ndi maso kuti mulibe cipolopolo, tsekani bolt, citsulo cimene cimatseka kumbuyo kwa mpope. Lowetsani kandodo kowongoka kucokera kumlomo kwa mpope mpaka kagunde kutsogolo kwa bolt. Ikani cizindikiro pa kandodoko pamene mpope wathera, katulutseni, muyeze. Kuyeza mpope kunja kumanamiza, pakuti mbali yake ina imabisika m'kati mwa thupi la mfuti. Mafakitale ambiri amadula mipope yawo mopitirira pang'ono, monga pa mainchesi 16.1, kuti tepi ya wofufuza isawapeze olakwa. Citani cimodzimodzi.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa citsulo ca kumlomo kwa mpope, monga flash hider. Cimawerengedwa pa utali pokhapo ngati camangidwa mosacotsekanso, ndipo ATF imavomereza njira zitatu: kuwocherera ndi gasi kapena magetsi mpaka zitsulo ziwirizo zisungunukire pamodzi, kumata ndi silver solder yosungunuka pa madigiri 1,100 a Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 593 a Celsius, kapena kuboola, kulowetsa kaphini ndi kuwocherera pamutu pake. Guluu, solder ya mawaya a wailesi, kapena kumanga mwamphamvu ndi sipanala, zonsezi sizikuwerengedwa. Pa mpope wa mainchesi 14.5, wofala kwambiri pa mfuti za mtundu wa AR-15, flash hider wamba ya A2 siikwanitsa 16, cifukwa mbali yake imalowa pa mpope pomanga ndipo utali umenewo suwonjezera kanthu. Pafunika yaitaliko, ndipo yezaninso ndi kandodo nchito ikatha. Sankhaninso cogwirira ca kutsogolo musanawocherere. Tsiku limene mudzadula cowocherera cija kuti musinthe cogwirira, mpope wabwerera pa 14.5, ndipo nchito yotero ndi ya wokonza mfuti wa laisensi.

Utali wonse umayezedwa kucokera kumapeto kwa thako kufika kumlomo, motsata mzere wa mpope. Boma lalikulu limayeza thako lopindika litatambasulidwa, koma ma state ena, zigawo za dzikolo, amaliyeza litapindidwa.

State si province monga kwathu. Iliyonse ili ndi malamulo akeake a mfuti, ndipo ATF imakana pempho lililonse limene lingaswe lamulo la kumene mukhala. New York, New Jersey, Hawaii, Rhode Island ndi District of Columbia salola anthu wamba kukhala ndi SBR. California imalola mwa apo ndi apo cabe. Illinois ili ndi zofunika zake zapadera. Fufuzani za kwanuko musanagule ngakhale kacitsulo kamodzi.

Wokhala ndi green card, cilolezo cokhazikika m'dzikolo, angathe kulembetsa monga nzika. Wolowa m'dzikolo pa visa ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya nchito, lamulo limamuletsa kukhala ndi mfuti iliyonse, kupatulapo zifukwa zowerengeka, monga kukhala ndi laisensi yosaka nyama imene sinathe masiku. Amene ali m'gulu ili aonane ndi loya asanalembe fomu. Mlandu wa mfuti umakhudzanso mapepala okhalira m'dziko.

Njira zokhalira ndi SBR zilipo ziwiri. Mukafuna kugula yopangidwa kale, wogulitsa amadzaza nanu Form 4, ndipo mfuti imakhala m'sitolo mpaka cilolezo cituluke. Mukafuna kusintha mfuti yanu, m'maso mwa lamulo inu ndinu wopanga, ndipo fomu yanu ndi Form 1. Zonse ziwiri zingatumizidwe pa intaneti kudzera pa eForms, webusaiti ya ATF.

Kucokera mu 1934 msonkho unali $200 pa mfuti iliyonse. Lamulo losainidwa pa 4 July 2025 linautsitsa kufika pa $0 kuyambira pa 1 January 2026, pa SBR, shotgun zazifupi ndi ma silencer, zitsulo zocepetsa phokoso la mfuti. Pa mfuti za ciwaya udakali $200. Lamulolo linacotsa ndalama cabe. Silinacotse fomu, zidindo za zala kapena kuyembekeza cilolezo, ndipo amene wamva kuti "msonkho unatha" n'kuthamangira kumanga mfuti, mlandu wake ndi uja wa zaka 10.

Pa Form 1 mumalemba dzina ndi malo a fakitale imene inapanga mfutiyo poyamba, mtundu wa cida, caliber (kukula kwa cipolopolo), model, utali wa mpope, utali wonse ndi serial number. Koperani zimene zalembedwa pa citsulo ceniceni, osati za pa bokosi kapena pa lisiti. Cilembo cimodzi cikasiyana, fomu imabwezedwa. Ma receiver ambiri a AR-15, ndiye kuti matupi a mfuti okhala ndi serial number, amalembedwa kuti "Multi" pa caliber, koma ATF siilandira mawu amenewo pa fomu. Lembani caliber imene mudzamanga, monga 5.56 kapena .300 Blackout. Pamodzi ndi fomu pamapita cithunzi ca pasipoti ca mainchesi 2 mbali zonse, ndi zidindo za zala, kaya pa makhadi awiri a FD-258 kapena pa faelo ya pa kompyuta ya EFT. Otumiza makhadi pa positi atalemba pa eForms ali ndi masiku 10. Zidindo zofufutika ndizo zimacedwetsa ambiri, conco kadinditseni kwa anthu ozolowera nchitoyo. Lamulo la 41F, logwira nchito kuyambira pa 13 July 2016, linathetsa kupempha siginecha ya mkulu wa apolisi wa m'dera lanu, n'kuika m'malo mwake kumutumizira kope lomudziwitsa cabe. Mafomu amasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye werengani malangizo a fomu imene ilipo tsiku limene mulemba.

Mungalembetse m'dzina lanu kapena m'dzina la trust, cikalata coika katundu m'manja mwa anthu osankhidwa kumuyang'anira. Ubwino wa trust ndi wakuti oyang'anira onse angasunge ndi kunyamula mfutiyo. Mtengo wake ndi wakuti aliyense wa iwo adzaze Form 5320.23, apereke cithunzi ndi zidindo zake. Ipatseni dzina lalifupi, cifukwa dzinalo lidzalembedwa pa citsulo.

Wopanga ayenera kuzokota pa mfuti dzina lake, mzinda ndi state kumene waipangira, malinga ndi 27 CFR 479.102. Zilembo zizame mainchesi .003 kapena kuposapo, ndipo serial number isacepere 1/16 ya inchi kutalika. Serial number, model ndi caliber za fakitale mungazitenge monga zilili ngati zikwanitsa miyezo imeneyi. Dzina likhale ndendende monga lili pa Form 1, ndipo lizioneka popanda kumasula mfuti. Zokotani pa receiver, thupi la mfuti limene lili ndi serial number, pakuti ndilo lolembetsedwa. Mpope mungadzausinthe mawa. Makina ena a laser amangoyeretsa utoto wa pamwamba osalowa m'citsulo. Pitani kwa wozokota amene amayeza kuzama kwa zilembo, ndipo mupite ndi receiver yokha, mpope waufupi usanaikidwe. Wogula pa Form 4 sazokota kanthu.

Nanga poyembekeza cilolezo, kodi mungagule mpope waufupi n'kuusunga m'kabati? Apa lamulo limaluma ngakhale mfuti isanamangidwe. Pa mlandu wa United States v. Thompson/Center Arms mu 1992, khoti lalikulu la dzikolo linaweruza mokomera kampaniyo, cifukwa zitsulo zimene inkagulitsa pamodzi zikanatha kupanga pisitolo kapena rifle yaitali yololedwa. Koma oweruza ananenanso kuti zitsulo zosonkhanitsidwa pamodzi zimene zilibe nchito ina koma kupanga mfuti yaifupi zingawerengedwe ngati mfutiyo yapangidwa kale. Conco ngati m'nyumba muli rifle imodzi ya thako, ndi mpope wa mainchesi 10.5 wopanda pisitolo yoti uikidwepo, muli pangozi. Njira yabwino ndi kuugula cilolezo citafika.

Mbiri ya receiver nayonso imawerengedwa. ATF Ruling 2011-4 imati imene inayamba ngati pisitolo ingasandutsidwe rifle ya mpope wa mainchesi 16 n'kubwezedwanso kukhala pisitolo. Imene inayamba ngati rifle siingakhale pisitolo. Mukaicotsa thako n'kuika mpope waufupi, mwapanga cida cocokera ku rifle, cofunika Form 1. Kuika thako pa pisitolo ya mpope waufupi n'kupanganso SBR. Za brace, cothandizira dzanja cimene cimaikidwa kumbuyo kwa pisitolo, lamulo la ATF la pa 31 January 2023 linaika mapisitolo ambiri otere m'gulu la SBR, koma khoti la boma lalikulu ku Texas linalifafaniza mu June 2024 pa mlandu wa Mock v. Garland. Tanthauzo la rifle la mu National Firearms Act silinafafanizidwe. Wosintha brace kuti igwire nchito ngati thako akudziika yekha m'mavuto.

Cilolezo cikafika, sungani coyambirira pamalo abwino ndipo kope liziyenda ndi mfuti, pakuti wa ATF akapempha umboni muyenera kuuonetsa. Pa receiver yolembetsedwa mungasinthanitse mipope ya utali ndi caliber zosiyana. Kusinthako kukakhala kwa nthawi zonse, lemberani kalata NFA Division, nthambi ya ATF yoona za mfuti zotere, kuti akonze kaundula. Cilolezo ca SBR sicikhudza silencer, imene ili ndi fomu yakeyake, ndiponso sicikupatsani ufulu wosandutsa mfuti kukhala ya ciwaya. Zimenezo zinatsekedwa kwa anthu wamba pa 19 May 1986.

Kuwoloka malire a state ndi SBR kufuna cilolezo ca Form 5320.20 musananyamuke, kaya mupita kukasaka kwa masiku awiri kapena mukusamuka. Fomu imodzi ingakwanire maulendo obwerezabwereza ku malo amodzi kwa nthawi yofika caka, ndiye okhala pafupi ndi malire aziilemba kumayambiriro kwa caka. Kumene mupita kukhale kololeza SBR.  Kuti mucotseretu mfuti m'gulu la SBR, ikani mpope wautali, gulitsani kapena perekani waufupiwo, ndipo dziwitsani ATF mwa kalata; ikatero ingagulitsidwe monga rifle ina iliyonse.

SBR siibwerekedwa. Mnzanu angawombere inu muli pomwepo, koma kupita nayo kwawo ndi kusamutsa mfuti popanda Form 4, ndipo mlandu ndi wa nonse awiri. Ngakhale m'nyumba mwanu, ngati mfuti ili m'dzina lanu lokha, kiyi ya sefa ikhale ndi inu, osati ndi a m'banja amene sali pa cikalata. Mwini akamwalira, woyang'anira cuma ca masiye angaisunge pamene nkhani ya cumayo ili m'kati, ndipo imapita kwa wolowa cuma pa Form 5. Wacibale asainyamule pamodzi ndi katundu wina tsiku la maliro. Ngati wolowa cumayo ali ku Zambia, kuitulutsa m'dziko la America kufuna Form 9 ndi cilolezo ca boma la kumeneko cotulutsira mfuti kunja, kuwonjezera pa cilolezo ca kuno coilowetsa, ndipo nthawi zambiri n'capafupi kuigulitsa komweko kudzera mwa wogulitsa wa laisensi n'kutumiza ndalama.