Mukapeza mnzathu akugona panja ku Mbare

Mukamuona munthu akugona pa makatoni ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare kuno ku Zimbabwe, makamaka June ndi July kukamazizira, musangomuponyera ndalama n'kudutsa. Khalani naye pansi, mumufunse dzina, kwawo ndi mfumu yake. Makolo athu ambiri anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ena nyumba zawo zinagwetsedwa mu 2005 pa Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zimene linati n'zosaloledwa, koma mukafufuza m'madera a Mufakose, Mabvuku kapena Epworth, wachibale amapezeka ndithu.

Ife amayi a kumpingo timasonkha dola imodzi aliyense Lamulungu, ndipo kope la ndalama amasunga anthu awiri. Timayamba ndi bulangete, sopo ndi phala lotentha. Kenako banja limodzi limamulandira kwa mwezi, enafe tizibweretsa ufa ndi ndiwo kuti mtolo usalemere pakhomo limodzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chitupa. Wopanda chitupa ntchito yolongosoka saipeza, ngakhale eni nyumba amamukayikira. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amati wobadwira muno malamulowo asanatuluke, amene ankakhala muno pomwe ankatuluka, kholo lake lili nzika ya Malawi, ndi nzika ya Zimbabwe. Mumuperekeze ku Makombe Building, ku ofesi ya boma yolembetsa anthu, mbandakucha, mutenge pepala lililonse la kubadwa kwake ndi munthu wamkulu womudziwa kuyambira ali mwana.