Ngati PlayStation Siikuona Nyimbo za pa Fulashi Yanu

Malangizo awa ndi a PlayStation 4 ndi PlayStation 5, ndipo za PlayStation 3 zili ca kumapeto. Fulashi imene imalila bwinobwino m'wailesi ya m'minibasi kapena pa TV ingathe kukanidwa ndi PlayStation popanda ciliconse cowonongeka. Wailesi imangosakasaka paliponse n'kuliza zimene yapeza. PlayStation siicita conco. Imayamba yaona mmene fulashi inafomatidwila, kenako imafuna foda ya dzina limodzi cabe, ndipo pomaliza imaona mtundu wa fayilo iliyonse. Ikakhumudwa pa coyamba, ziwili zinazo siiziyang'ana n'komwe. Inunso fufuzani motsatila ndondomeko yomweyo, ndipo musafomate ciliconse musanakope nyimbo zanu n'kuzisunga pa kompyuta.

Yambani ndi kabowo

Pa PS4 yoyamba ija ya 2013, timabowo tiwili ta USB tili kutsogolo, mkati mwa kamzele kolowa. Fulashi yonenepa, kapena yokhala ndi cikuto ca labala, imagunda m'mbali isanalowe yonse. Kalaiti kake kangayake ndithu, koma makina osaiwelenga. Cotsani cikuto, kapena sewenzetsani kanthambo kowonjezela ka USB. PS4 Pro ili ndi kabowo kacitatu kumbuyo, ndipo PS5 ili ndi timabowo tiwili ta USB-A kumbuyo. Kuti mudziwe ngati kabowo ndi kamoyo, lumikizanipo padi ndi nthambo yake muone ngati ikuchaja. Pamene mukufufuza vuto, cotsani habu (kacipangizo kowonjezela timabowo ta USB) ndi zina zonse, fulashi ilowe mwacindunji.

Foni si fulashi. Mukailumikiza ndi nthambo ingachaje, koma nyimbo zake sizidzaoneka. Zikopeni kaye pa fulashi, kupyolela pa kompyuta kapena ka OTG, kanthambo kolumikizila fulashi ku foni.

Fomati: FAT32 kapena exFAT, osati NTFS

Ikani fulashi pa kompyuta ya Windows, tsegulani This PC, dinizani batani la kumanja la mausi pa fulashiyo, sankhani Properties. Pa mzele wa File system payenela kulembedwa FAT32 kapena exFAT. Ngati palembedwa NTFS, vuto mwalipeza: PS4 ndi PS5 siziwelenga NTFS. Fulashi yofomatidwa pa Mac monga APFS nayonso siioneka.

Kopani zonse ku kompyuta, ndiye dinizaninso kumanja, sankhani Format, pa File system sankhani exFAT, siyani Quick Format yocongedwa, dinizani Start. Pa fulashi ya 32 GB kapena kucepelapo mudzaonanso FAT32. Pa yaikulu kuposa apo, windo la Format kawilikawili silionetsa FAT32, ndipo zimenezo zisakuvutitseni. Pa nyimbo, FAT32 ndi exFAT zimagwila nchito mofanana. Malile a FAT32 akuti fayilo imodzi isapitilile 4 GB amavutitsa mafilimu, osati nyimbo. Sankhani FAT32 pokhapo ngati fulashi yomweyo mufuna kumaiikanso pa PS3 kapena m'wailesi yakale ya m'galimoto, cifukwa zambili mwa izo siziidziwa exFAT. Amene alibe kompyuta angafomate pa PS4 pomwepo: Settings, Devices, USB Storage Devices, sankhani fulashi, dinizani batani la OPTIONS, ndiye Format as exFAT.

Pa sikilini yomweyo pali msampha, mawu akuti Format as Extended Storage. Cimeneco n'cosungila magemu. Cinabwela ndi sofutiweya ya 4.50 mu 2017, ndipo cimafuna cipangizo ca USB 3.0 ca pakati pa 250 GB ndi 8 TB. Hadi disiki ikafomatidwa motelo, kompyuta siiwelenganso ndipo simungaikepo nyimbo. Windows idzakupemphani kuti muifomate. Mukavomela, magemu onse amene anali pamenepo apita. Nyimbo zikhale pa fulashi ina yapadela.

Fulashi imene inasewenzetsedwapo poika Windows pa kompyuta imakhala yogawidwa zigawo, nthawi zina ziwili, ndipo Format wamba imangokhudza cigawo cimodzi. Tsegulani Command Prompt monga Administrator, lembani diskpart, ndiye list disk. Yang'anitsitsani kukula kwa disiki iliyonse kuti mudziwe nambala ya fulashi. Ngati ndi 2, lembani select disk 2, kenako clean, kenako convert mbr, kenako create partition primary, kenako format fs=exfat quick, pomaliza assign. Lamulo la clean silifunsa kawili. Mukasankha nambala ya hadi disiki ina, mwaifafaniza yonse.

Foda ya Music

Apa ndi pamene ambili amagwela, ndipo kukonza kwake sikutenga mphindi. Nyimbo ziyenela kukhala m'foda yochedwa Music, ndipo fodayo ikhale pamwamba penipeni, ndiye kuti muione mukangotsegula fulashi. Ngati fulashi ndi E, njila yolondola ndi E:\Music. Njila monga E:\New folder\Music kapena E:\Zanga\Music siigwila nchito. Maina monga Nyimbo, Songs, My Music kapena Music 2 nawonso ayi. Nyimbo zomwazikana pamwamba pa fulashi, monga mmene amaziikila pa matebulo okopela nyimbo m'misika, sizioneka ngakhale zikhale 2,000. Mkati mwa Music mungapange mafoda ena mmene mufunila, ina ya kalindula, ina ya kwaya, ina ya zamasiku ano.

Malo oyang'anapo nawonso ndi ofunika. Pa PS4 sewenzetsani Media Player, pulogalamu yaulele imene inatuluka mu 2015. Imafuna intaneti kamodzi kuti icitidwe daunilodi kucokela ku PlayStation Store, pambuyo pake imasewenza popanda intaneti. Pa PS5 dinizani batani la PS kamodzi kuti control center ituluke, sankhani Music, ndipo USB Drive idzaoneka pa mndandanda. Ku Media Gallery n'kwa mavidiyo ndi zithunzi, musafune nyimbo kumeneko.

Foda ilipo, koma makina akuti mulibe kanthu

Ganizilani za vailasi ya mashotikati, makamaka ngati fulashi inapitako pa kompyuta ya pa malo osindikizila mapepala kapena okopela nyimbo. Vailasi imeneyi imabisa mafoda anu enieni n'kuika m'malo mwake tumafayilo tokhala ndi maina omwewo. Yang'anitsitsani kacithunzi ka foda: ngati pakona ya kumunsi kumanzele pali kamuvi kopindika, ndipo Properties ikuonetsa 1 KB kapena 2 KB, imeneyo si foda. Pa kompyuta imatseguka, n'cifukwa cake anthu amalumbila kuti nyimbo zilimo, koma PlayStation siidziwa cocita ndi fayilo ya .lnk.

Musadinize tumashotikatito, cifukwa kudiniza ndiko kumayendetsa vailasi. Sikanani fulashi ndi antivailasi, ndiye mu Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* mukusintha E kukhala cilembo ca fulashi yanu. Mafoda obisika adzabwelela. Nthawi zina zonse zimakhala zaunjikidwa m'foda ina yopanda dzina; tulutsani Music m'menemo muibweze pamwamba. Fafanizani mashotikati onse. Ngati kompyutayo ikali ndi vailasi, fulashi idzadwalanso mukangoilowetsa, conco yeletsani kompyuta coyamba.

Mitundu ya mafayilo

PS4 ndi PS5 zimatha kuliza MP3, AAC ya m'fayilo ya .m4a, ndi FLAC. WMA, WAV, OGG, OPUS ndi WEBM sizili pa mndandanda, ndipo kawilikawili makina amangozidumpha osakamba kanthu. Ndiye cifukwa cake foda ya nyimbo 80 ingaonetse 50.

Windows imabisa mathelo a maina a mafayilo. Mu File Explorer pitani pa View, congani File name extensions. Pa Windows 11 cili pansi pa View, kenako Show. Tsopano mudzaona zoona zake. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp amakhala .opus. Fayilo yothela ndi .crdownload kapena .part ndi daunilodi imene inadukila panjila, mwina bandulo itatha. Yothela ndi .mp3.exe si nyimbo, ifafanizeni osaitsegula.

Kusintha dzina sikusintha fayilo. Mukafafaniza .webm n'kulemba .mp3, dzina lidzaoneka pa PlayStation koma nyimbo siidzalila, cifukwa mkati mukali momwe munalili. VLC, pulogalamu ya pa kompyuta yolizila nyimbo ndi mavidiyo, imatha kuliza fayilo yoteloyo mosavuta cifukwa imayang'ana zamkati, osati dzina, ndipo ndiyo ingakuuzeni zoona: tsegulani nyimbo mu VLC, dinizani Ctrl ndi J, welengani pa Codec. MP3 yeniyeni imalembedwa MPEG Audio. Pakalembedwa Opus kapena Vorbis, isandutseni: Media, Convert / Save, Add, sankhani fayilo, pa Profile sankhani Audio - MP3, ipatseni dzina latsopano, dinizani Start. Kusandutsa fayilo yopanikizidwa kale kumatsitsako ubwino wa mawu pang'ono, ndipo kusankha 320 kbps sikubweza zimene zinatayika kale. 192 kbps ndi yokwana.

Kukula kwa fayilo kumaulula zambili. Pa 128 kbps, mphindi imodzi imatenga pafupifupi 1 MB, conco nyimbo ya mphindi zinayi ndi pafupifupi 4 MB. Pa 320 kbps imafika ca m'ma 9 kapena 10 MB. Nyimbo ya 0 KB kapena 30 KB kulibe. Amene amakopa ndi Mac adzaona dzina lililonse kawili, lina loyamba ndi kadontho ndi kamzele ka pansi, monga ._nyimbo.mp3, lolemela 4 KB. Tumeneto ndi tumafayilo ta Mac tosungila zina, sitilila, ndipo mungatufafanize.

Nyimbo zimene munasunga mkati mwa Spotify kapena Apple Music kuti muzimvela popanda intaneti n'zokhomedwa. Ngakhale mutazipeza m'foni n'kuzikopa, sizidzalila pa cipangizo cina. Cimodzimodzi mafayilo a .m4p. Ikani pa fulashi nyimbo zimene munagula monga mafayilo, zimene munajambula nokha, kapena zimene eni ake analola kugawa.

Zoyamba zilila, zomaliza zikana

Cizindikilo ici n'ca fulashi yabodza. Pa cikuto palembedwa 64 GB, kompyuta nayonso ikuti 64 GB, koma mkati muli mwina 8 GB. Zimene munakopa poyamba zili bwino. Malo enieni atadzala, fulashi inapitiliza kulandila, maina ndi kukula zikuoneka zolondola, koma mkati mwa mafayilowo mulibe kanthu. Kufomata sikuicilitsa. Iyeseni ndi pulogalamu yaulele ya H2testw: cotsani zonse pa fulashi, sankhani Write + Verify, ndipo idzalemba malo onse n'kuwawelenganso. Pa fulashi yocedwa zingatenge maola, koma pamapeto idzakuuzani kuti malo enieni ndi angati.

Mafayilo amawonongekanso mukazula fulashi kukopa kusanathe, kapena malaiti akapita pakati pa nchito pa kompyuta ya pa desiki. Kamzele kobiliwila kakafika kumapeto sikuti zonse zalembedwa. Dinizani Eject n'kuyembekeza uthenga. Ngati zacitika kale, lembani chkdsk E: /f mu Command Prompt. Imakonza mndandanda wa mafayilo, koma nyimbo imene inaduka muyenela kuikopanso.

Njila yacidule yodziwila kumene kuli vuto ndi iyi: tengani fulashi ina yaing'ono, ya 8 GB kapena 16 GB, ifomateni FAT32, pangani Music, ikanimo MP3 imodzi cabe imene mwatsimikiza mu VLC. Ikalila, makina ali bwino, bwelelani ku fulashi yoyamba ndi mafayilo ake. Ikakana pa timabowo tonse, zimitsilatuni makina, osati Rest Mode, ayatseninso, ndipo onani ngati pali sofutiweya yatsopano. Ena amathamangila ku Safe Mode. Rebuild Database imakonza mndandanda wa zosungidwa mkati mwa makina, siikhudza fulashi. Initialize PS4 imafafaniza magemu ndi maseve anu onse, ndipo foda yolakwika dzina idzakhalabe yolakwika.

Nyimbo pamene mukusewela

Nyimbo za pa fulashi sizilowa m'mndandanda wa nyimbo za gemu. Zimalila pamwamba pake. Tsitsani voliyumu ya nyimbo m'masetingi a gemuyo, musiye mawu a wolengeza ndi a masewela. Pa PS4 gwililani batani la PS kuti quick menu ituluke, m'menemo mungaimitse kapena kudumpha nyimbo. PS4 ndi PS5 sizikopela nyimbo mkati mwake, conco fulashi ikhale yolumikizidwa nthawi yonse. Ma CD a nyimbo nawonso salila pa makinawa. Asandutseni kukhala MP3 kapena FLAC pa kompyuta.

PlayStation 3

PS3 imawelenga FAT32 cabe, exFAT ndi NTFS ayi. Foda ilembedwe MUSIC ndi zilembo zazikulu zonse. Ngati nyimbo zili m'foda ya dzina lina, pitani pa Music, unikani USB Device, dinizani batani la makona atatu, sankhani Display All, ndipo mafoda onse adzaoneka. Mukadiniza X, makina amangoyang'ana mu MUSIC n'kukuuzani kuti mulibe nyimbo. PS3 imatha kuliza MP3, AAC ndi WAV, koma osati FLAC. WMA imafuna kuyatsidwa kamodzi ndi intaneti pa Settings, System Settings, Enable WMA Playback. Kuti nyimbo zilile mkati mwa gemu, zikopeleni mu hadi disiki ya makina ndi batani la makona atatu kenako Copy, ndipo zidzalila m'magemu okhawo amene anapangidwa kuti azilola nyimbo za wosewela.