Kuthirira ndi kudyetsa mbande za chamba cha mafakitale mu coco peat: malangizo kwa ongoyamba kumene

Munthu amene anakulira m'dimba, amene amadziwa kusamala nazale ya fodya kapena ya tomato, akapatsidwa thireyi ya mbande zofesedwa mu coco peat (makoko a kokonati operedwa) amaganiza kuti ntchito ndi yomwe ija anaizolowera, popeza coco peat ndi woderapo, amafumbutuka m'manja ndipo amaoneka ngati dothi lachonde. Maganizo amenewa ndiwo amapha mbande zambiri. Dothi limasunga chakudya cha mbewu ndipo limapirira mlimi akalakwitsa pang'ono, pamene coco peat alibe chakudya chokwanira kulera mbewu, ntchito yake ndi kugwira mizu, madzi ndi mpweya basi. Chilichonse chimene mbande idzadye chiyenera kubwera ndi madzi amene inu mukuthira, ndipo chimene mwalakwitsa m'ndowa lero chimaonekera pa masamba pasanathe masiku atatu.

Ndiyambe ndi malamulo, chifukwa ambiri mwa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare timapeza ntchito m'minda ndi m'manazale, ndipo tiyenera kudziwa pamene taima. Boma la Zimbabwe linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha kafukufuku m'chaka cha 2018 kudzera mu Statutory Instrument 62, ndipo mu 2020 linakhazikitsa malamulo a chamba cha mafakitale (mtundu wa chamba wosaledzeretsa), chimene chimayang'aniridwa ndi bungwe la Agricultural Marketing Authority. Ku Malawi nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lofanana nalo mu 2020. M'maiko onse awiri ulimi umenewu ndi wa okhawo amene ali ndi chiphaso, kotero kuti kudzala mtengo umodzi wokha kuseri kwa nyumba ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose ndi mlandu womangitsa. Malangizo awa ndi a wogwira ntchito pa munda wachiphaso. Amene alibe chiphaso angathe kugwiritsa ntchito njira yomweyi pa tomato, tsabola ndi nkhaka, pakuti mbande za mbewu zimenezi zimasamalidwa mofanana mu coco.

Coco peat amapangidwa kuchokera ku makoko a kokonati operedwa, ndipo wambiri amene timamuona m'masitolo a zaulimi amachokera ku Sri Lanka ndi ku India. Amabwera atapanikizidwa kukhala chibuluma cholimba, ndipo chibuluma cha makilogalamu 5 chikanyowetsedwa chimafufuma mpaka malita 60 kapena 70, choncho musachinyike m'ndowa yaing'ono. Vuto lake lagona pa mchere. Makoko a kokonati amakhala ndi sodiyamu ndi potaziyamu wambiri, ndipo ulusi wake uli ndi khalidwe lokoka kashiyamu ndi maginiziyamu wa m'madzi n'kutulutsa mchere uja m'malo mwake. Mukafesa mu coco wosakonzedwa, kashiyamu amene mwagula ndi ndalama kuti mudyetse mbande amatengedwa ndi coco, mizu n'kutsala ikusambira mu mchere umene siikuufuna.

Werengani thumba musanatsegule. Ngati lalembedwa kuti coco ndi wotsukidwa komanso wothiridwa kale kashiyamu, ntchito yanu yachepa, ngakhale kuti ine sindikhulupirira thumba ndisanayeze madzi otuluka pansi. Ngati palibe chimene chalembedwa, muikeni coco wofufuma uja m'chidebe chobooledwa pansi, muzithira madzi oyera mpaka madzi otuluka asiye kuoneka ngati tiyi komanso muyeso wa mchere wake uyandikire wa madzi amene mukuthira. Mukatero mum'nyike m'madzi osungunuliramo feteleza wa calcium nitrate, galamu imodzi kapena imodzi ndi theka pa lita, kwa maola osachepera 8, ndipo kungomusiya usiku wonse n'kosavuta. Tayani madziwo, bwerezaninso kachiwiri ngati coco anali wotchipa, kenako mutsukuluze ndi madzi oyera. Coco wosalala kwambiri amagwira madzi mopitirira, choncho alimi ambiri amasakaniza magawo 7 a coco ndi magawo atatu a perlite, timiyala toyera topepuka timene timasiya mipata ya mpweya.

Tsopano madzi, amene kuno ku Harare ndi nkhani payokha. Madzi a m'mipope, ochokera ku Lake Chivero kudzera ku Morton Jaffray, amakhala ndi kolorini, ndiye atungeni dzulo lake n'kuwasiya m'ndowa yosavundikira kwa tsiku lathunthu. Popeza m'madera ambiri madziwa sabwera tsiku lililonse, nazale yopanda thanki yosungira ikuika mbande pangozi, chifukwa coco salola kudumphitsa kuthirira kwa masiku awiri poyembekeza mpope. Madzi a pa mjigo amasiyana malo ndi malo, ndipo amene amasiya choyera pansi pa ketulo amakhala ndi laimu wambiri amene amakweza pH (ndiko kuti amachepetsa asidi) mu kapu ya mbande pang'onopang'ono. Madzi a mvula, amene timakolola kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndi abwino kwambiri chifukwa alibe mchere, koma pa chifukwa chomwecho alibenso kashiyamu ndi maginiziyamu, ndiye muyenera kuwonjezera nokha. Yezani madzi anu musanathiremo kanthu, ndipo mulembe nambalayo m'buku la pa nazale.

Zoyezera ndi ziwiri, ndipo popanda izo mukungolota. Mita ya EC imasonyeza kuchuluka kwa mchere wonse wosungunuka m'madzi, kuphatikizapo feteleza, pamene mita ya pH imasonyeza ngati madzi ali ndi asidi wochuluka kapena wochepa. Mita ya pH imasokera msanga, ndiye muziyikonza kawirikawiri ndi madzi ake oyesera a 4.0 ndi 7.0, ndipo nsonga yake isamaume.

Fesani njere mu coco wonyowa kale, pakuya kwa sentimita imodzi, m'thireyi kapena m'makapu ang'onoang'ono obooledwa pansi. Kunyowa koyenera mumakudziwa pofinya coco m'dzanja: pazituluka madontho ochepa pakati pa zala, asachite kuchucha. Njere yabwino imamera pakati pa masiku awiri ndi 7. Timasamba tiwiri tozungulira timene timayamba kutuluka timanyamula chakudya cha m'njere, choncho pa masiku oyambirira mbande siifuna zambiri, ndipo muzu wake ndi umodzi wokha wolunjika pansi. Pa nthawi imeneyi wotakeni muisiye pakhomo, chifukwa madzi ake amagwetsa kamtengo ndi kufukula muzu. Gwiritsani ntchito sirinji yopanda singano kapena botolo loboola pa chitsekerero, muthire mamililita 20 mpaka 40 mozungulira mbande, motalikira pang'ono ndi tsinde, kuti muzu uziyenda kufunafuna madzi. Tsinde likamakhala lonyowa usana ndi usiku, tizilombo ta nkhungu timaliwoletsa pamene lakhudzana ndi coco, limaonda ngati ulusi n'kugwa, ndipo mbande yotere siidzukanso. Ichotseni pamodzi ndi coco wake isanapatsire zinzake.

Masamba enieni oyamba, okhala ndi mano m'mbali, akangotambasuka, yambani kudyetsa. Pano ndi pamene wozolowera dothi amachedwa, poganiza kuti mbande ikadali yaing'ono moti feteleza angaiwotche, n'kumaithirira madzi okhaokha kwa milungu iwiri mpaka itasanduka chikasu. Mu coco madzi opanda chakudya amatsuka kashiyamu uja munavutikira kulowetsa. Chofunika ndi chakudya chochepa mphamvu choperekedwa pa kuthirira kulikonse, monga momwe mwana wongoyamba kudya amapatsidwira phala lamadzimadzi pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Yambani ndi EC ya pakati pa 0.4 ndi 0.6, imene nthawi zambiri imakhala pafupifupi kotala la muyezo wolembedwa pa botolo kapena pa thumba. Mbande ikamakula bwino kwezani pang'ono mlungu uliwonse, kuti pofika mlungu wachitatu kapena wachinayi mukhale pa 1.0 mpaka 1.2. Ngati madzi a pa mjigo wanu ali kale pa 0.5 musanathiremo kanthu, mpata wa feteleza wachepa, ndipo ndi bwino kuwasakaniza ndi madzi a mvula. Muyeso wa pH ukhale pakati pa 5.8 ndi 6.2 nthawi zonse.

Feteleza wake akhale wosungunuka yense m'madzi, wopangidwira ulimi wopanda dothi, wokhala ndi michere yonse mpaka ayironi ndi ina yofunika pang'ono. Compound D ndi AN amene timathira chimanga asalowe mu nazale imeneyi. Compound D sasungunuka yense ndipo simungalamulire mphamvu yake mu kapu, pamene AN amapereka nayitrojeni yekha, gawo lina lake mu mtundu umene umawotcha mizu yanthete ukachuluka. Manyowa a nkhuku onyikidwa m'mgolo nawonso asungireni dimba. Feteleza wa ulimi wotere amabwera m'magawo awiri, A ndi B, chifukwa kashiyamu akakumana ndi salifeti kapena fosifeti ali wokhuthala amagwirana n'kusanduka phulusa loyera lokhazikika pansi pa ndowa, limene mizu singadye. Choncho dzazani ndowa ndi madzi kaye, thirani gawo loyamba, takasani bwino, thirani lachiwiri, takasaninso, yezani EC, ndipo pH muikonze pomalizira penipeni chifukwa feteleza amaisintha. Potsitsa pH gwiritsani ntchito asidi wogulitsidwa pa ntchito imeneyi, dontho ndi dontho, mutavala magolovesi. Mandimu ndi viniga amatsitsadi, koma pofika mawa pH imakhala itakweranso. Ngati feteleza wanu ali ndi maginiziyamu wochepa, magalamu 5 a Epsom salt (mchere wa maginiziyamu) mu ndowa ya malita 20 ndi okwanira mbande.

Funso limene ongoyamba amafunsa kwambiri ndi lakuti azithirira kangati, ndipo yankho lolondola lili m'dzanja lanu. Mukathirira kapu mokwanira inyamuleni kuti mumve kulemera kwake, kenako muziinyamulanso m'mawa ndi masana. Ikapepuka moti mwamva kusiyana koma pamwamba pakadali poderapo, nthawi yothirira yakwana. Musadikire kuti coco ayere n'kufwamphuka m'mbali mwa kapu, chifukwa madzi akaphwa mchere wotsala umakhuthala mozungulira mizu n'kuiwotcha, ndipo tsiku limodzi louma lingabwezeretse mbande m'mbuyo mlungu wathunthu. Pa mlungu woyamba kamodzi pa tsiku, nthawi zina kamodzi pa masiku awiri, ndi kokwanira. Mizu ikadzaza kapu mudzathirira tsiku lililonse, mwinanso kawiri. Kulakwitsa kwa mbali inayo kumabwera mukadzala kambande kakang'ono m'chidebe cha malita 10 n'kumachinyowetsa chonse tsiku ndi tsiku: mizu yochepayo singamwe madzi onsewo, coco amakhala wozizira ndi wonyowa, pamwamba pamamera ndere, ndipo timabwera tintchentche takuda timene mphutsi zake zimadya mizu yanthete. Yambani ndi kapu yaing'ono.

Mizu ikangoonekera pa mabowo a pansi, muzithirira mpaka madzi ochepa atuluke, pafupifupi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a madzi amene mwathira. Madzi otulukawa amachotsa mchere wakale, ndipo kapu isakhale m'menemo, ikhale pa waya kapena pa timatabwa kuti isawamwenso. Kawiri pa mlungu tengani madzi otulukawo m'kambale koyera muyeze. Ngati mwathira 0.8 ndipo pansi patuluka 0.9 kapena 1.0, zinthu zili bwino. Ngati patuluka 1.5, mchere ukuunjikana, ndipo mankhwala ake ndi kuthirira pafupipafupi ndi madzi a chakudya chochepa mphamvu mpaka nambala itsike. Sindilimbikitsa kukhuthulira madzi okhaokha ochuluka nthawi imodzi, chifukwa mumachotsa choipa ndi chabwino chomwe.

Masamba amafotokoza zambiri, koma muwawerenge pamodzi ndi mita. Nsonga zopsa zoderapo zimasonyeza mchere wochuluka. Masamba akale a m'munsi akachita chikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo n'kukhalabe yobiriwira, ndiye kuti maginiziyamu wachepa, pamene timadontho ta dzimbiri ndi masamba atsopano opindika zimaloza kashiyamu. Masamba atsopano a kunsonga akayera kapena kuchita chikasu, kawirikawiri ayironi alimo m'madzi koma pH yakwera kupitirira 6.5 moti mizu ikulephera kumutenga, ndipo kuwonjezera feteleza pamenepa kumangokulitsa vuto. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mudikire masiku atatu, ndipo muyang'ane masamba amene akutuluka kumene, popeza tsamba lowonongeka silichira.

Nyengo ya Harare imasintha ndondomeko yonseyi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka madigiri 7 kapena kucheperapo. Mizu imafuna kutentha kwa madigiri 20 mpaka 24, ndipo ikazizidwa imamwa pang'ono, choncho m'miyezi imeneyi chotsani mathireyi pa simenti, thirirani dzuwa litakwera, ndipo madzi amene agona panja muwasiye afunde kaye. Mu Okutobala mkati mwa greenhouse (nyumba ya pulasitiki yolereramo mbewu) mumatentha kwambiri, kapu yaing'ono imauma pofika masana, ndipo mbande imamwa madzi ambiri kuposa chakudya, kotero ndi nzeru kuthirira kawiri kapena katatu mutatsitsa EC pang'ono. Dziwaninso kuti mitundu yambiri ya mbewu imeneyi imayamba kuchita maluwa usiku ukatalika, ndipo kuno usana umangokhala pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, n'chifukwa chake manazale amayatsa magetsi owonjezera kuti kuwala kufike maola 16 mpaka 18. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali mudziwitse woyang'anira munda.

Mbande imakhala yokonzeka kuwokeredwa ikakhala ndi magulu atatu kapena anayi a masamba enieni ndipo mizu yoyera yagwira coco yense, zimene zimachitika pakati pa mlungu wachiwiri ndi wachinayi. Nyowetsani coco wa m'chidebe chatsopano ndi madzi a chakudya a EC yofanana ndi imene mbande yazolowera, tembenuzani kapu mutaika tsinde pakati pa zala ziwiri, ndipo muike chibuluma cha mizu osachiphwanya. Pa masiku atatu kapena anayi otsatira thirani mozungulira chibulumacho mokha, ndipo muyambenso kuthirira mpaka madzi atuluke pansi mukaona kuti masamba atsopano ayamba kutuluka.