Kasewereni ka Turrican pa kompyuta yamakono

Turrican ndi gemu yomwe Manfred Trenz anapanga pa kompyuta ya Commodore 64, ndipo kampani ya ku Germany ya Rainbow Arts inaitulutsa mu 1990, kenako a Factor 5 anaikonza kuti izisewereka pa kompyuta ya Amiga. Mumayendetsa msilikali wovala zachitsulo thupi lonse, amene akudumpha ndi kuwombera maloboti pa dziko la Alterra kufikira atakumana ndi mdani wamkulu wotchedwa Morgul.

Popeza makina akalewo ndi osowa, mufunika emulator, pulogalamu yochititsa kompyuta yanu kugwira ntchito ngati yakaleyo. Ya Commodore 64 ndi VICE, pomwe Amiga imafuna WinUAE kapena FS-UAE pamodzi ndi fayilo ya Kickstart (pulogalamu yoyatsira Amiga), imene imapezeka mwalamulo mu Amiga Forever. Mu emulator sankhani Amiga 500 ndi PAL (dongosolo la zithunzi za pa TV), chifukwa gemuyi inapangidwira ma TV a ku Ulaya ndipo liwiro lake limasokonekera mukasankha zina. Kwa ine ya Amiga ndiyo yabwino, makamaka chifukwa cha nyimbo za Chris Huelsbeck.

Musanayambe, konzani mabatani. Joystick ya nthawi imeneyo inali ndi batani limodzi lowombera, choncho kudumpha kunali kukankhira ndodo m'mwamba. Pa gamepad zimenezi zimatopetsa chala, motero ndi bwino kupatsa kudumpha batani lakelake mu emulator.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kuthamangira kumanja osacheuka. Malo ake ndi otakasuka, ali ndi mapanga pansi ndi nsanja m'mwamba, ndipo miyoyo yowonjezera imabisidwa kumene njira ikuoneka ngati yatha. Chida chofufuzira ndi mphenzi: imani chilili, gwirani batani lowombera osalitaya, ndipo mphenzi ikatuluka izungulitseni pokankhira kumanzere kapena kumanja. Imapha adani ochokera mbali zonse, komanso ikakhudza bokosi losaoneka lolendewera m'malere, bokosilo limaonekera n'kuyamba kulavula zida ndi mphamvu. Pitirizani kuliwombera mpaka litauma, ndipo musaiwale kuti mungathe kukwera pamwamba pake kuti mufike pansanja imene poyamba inali patali. Kuipa kwa mphenzi n'kwakuti simungayende pamene ikuyaka, choncho musaiyatse mdani wamkulu ali pafupi kukugwerani, monga chibakera chachitsulo cha m'dera loyamba.

Samalaninso ndi mphamvu zanu. M'magemu ambiri munthu akagundidwa amapatsidwa kamphindi kosavulala, koma muno mulibe zimenezo: mdani akakukhudzani mphamvu zimangotsika mosalekeza, ndipo moyo wathunthu umatha musanaphethire. Zikafika pothina, weramani n'kudina Space kuti musanduke gudumu la minga losavulazika, lomwe limalowanso m'timipata topapatiza. M'gemu yoyambayi gudumulo n'lowerengeka, pomwe mu Turrican II ya 1991 mungasanduke kangati konse mungafune.

Pofufuza muziyang'ana nthawi imene ikuwerengedwa chotsika, pakuti ikafika pa 0 mumataya moyo ngakhale mphamvu zili zodzaza.