Tsiku la jakisoni likapitirira, musakhale pansi kudikira msambo

Nthawi ya mliri wa Covid-19 panali vuto limodzi lomwe linkandisowetsa mtendere. Amayi omwe anakhala akulera ndi jakisoni wa Depo kwa zaka, osaphonya ngakhale kamodzi, ankapezeka ndi pathupi pomwe sanakonzekere. Mukawafunsa, nkhani yake inali imodzimodzi: tsiku lobayitsa linafika anthu akuopa kuponda kuchipatala, linapitirira, ndiye anaganiza zoyamba asamba kaye asanabwerereko.

Kudikira msamboko ndiye kukutipweteka. Depo amasiyitsa msambo amayi ambiri, makamaka omwe abayitsa kwa chaka kapena kuposerapo. Choncho mayi amakhala akuyembekezera chinthu chomwe mankhwala omwewo anachiimitsa. Uku mphamvu ya jakisoni ikutha m'thupi, ndipo dzira likhoza kukhwima magazi asanaoneke ngakhale dontho. Pamene iye akuwerenga masiku kuti msambo ubwera liti, mimba yakhala kale.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa amayiwa anali asanachedwe kwenikweni. Jakisoniyu amabayidwa pakatha masabata 13, koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalola kubaya mayi yemwe wachedwa mpaka masabata 4 popanda kumuyeza mimba. Mayi wachedwa masiku khumi okha, basi wataya mtima, akuti zaonongeka! Ngakhale masabata 17 atakwana ndi kupitirira, anamwino amafunsa mafunso kapena kuyeza, ndipo akatsimikiza kuti palibe mimba amabaya tsiku lomwelo, mayi n'kugwiritsa ntchito kondomu masiku 7. Ndinene poyera kuti nafe alangizi a zakulera tili ndi mlandu. Chizolowezi chakale chobweza mayi kuti abwere akasamba chinayenera kutha kalekale, koma mpaka lero ena akuchikakamira, ndipo amayi anachiloweza ngati lamulo.

Palinso mawu aja akuti Depo amachedwetsa kubereka, ndiye munthu sangatenge mimba msanga akasiya. Inde, amayi ambiri amatenga miyezi ingapo mphamvu yobereka isanabwerere, koma thupi lililonse lili ndi nthawi yake. Kodi inuyo mwadziwa bwanji kuti muli m'gulu la ochedwawo?

Mayi wina mlimi, wa ana anayi, ndinamupeza kumunda ali ndi khanda kumbuyo lomwe linali lisanayambe kuyenda bwino. Anandiuza kuti anamva zoti kuchipatala akungolandira achifuwa okhaokha, ndipo amuna ake anamuletsa kupita poopa kuti abweretsa matenda pakhomo. Anadikira msambo miyezi itatu. Atayamba kumva nseru m'mawa ndi pomwe anazindikira. Polankhula nane anali akupumira pa mpini wa khasu, akudandaula kuti ntchito yonse yam'munda imuthera panjira, mwana wakumbuyoyo akufunabe bere. Mantha akewo sindinawapeputse, chifukwa matendawa apha anthu. Koma taonani: anathawa ulendo umodzi wa jakisoni, ndipo kenako anafunika kukaonana ndi achipatala kasanu ndi katatu pa nthawi ya pathupi monga WHO imalangizira, osawerengera ulendo wokachira. Tikudziwanso kuti Covid-19 amakula mphamvu mwa mayi woyembekezera kusiyana ndi mnzake yemwe alibe pathupi. Langizo loti mayi apume miyezi 24 atabereka asanatenge mimba ina, kwa iyeyu lapita padera.

Sanali yekha. Mu Malichi 2021 bungwe la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za uchembere wabwino, linanena kuti m'chaka choyamba cha mliriwu amayi pafupifupi 12 miliyoni m'maiko osiyanasiyana analephera kupeza njira zolerera, ndipo zotsatira zake zinali mimba zosakonzekera pafupifupi 1.4 miliyoni.

Abambo, inunso nkhaniyi ikukukhudzani. Kuletsa mayi kupita kukabayitsa, inu osafuna kuvala kondomu, si kuteteza banja.

Ndiye amayi, ngati tsiku lanu linapitirira, pitani kuchipatala lero, msambo ulipo kapena palibe. Kumeneko funsani za Sayana Press, jakisoni yemwe mungaphunzire kudzibaya nokha kunyumba, komwe amapezeka. Ngati mumamwa mapiritsi, pemphani a miyezi ingapo nthawi imodzi. Wosafuna kuyendayenda aganizire zoika kapamkono, Implanon wa zaka 3 kapena Jadelle wa zaka 5, apo ayi lupu yemwe amakhala zaka 10. Mwagonana osadziteteza, mapiritsi adzidzidzi amagwira mkati mwa masiku 5, ndipo kumwa msanga ndiye bwino. Katemera wa Covid-19 sasokoneza njira iliyonse mwa izi.